Yoga ya Ana: Kuwongola Thupi pa Mphasa ku Milange

Mwana wokulira m'midzi ya m'boma la Milange, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, sachita kuuzidwa kuti agwiritse ntchito thupi lake. Kukamacha amakhala atasesa kale pabwalo, wabwera ndi ndowa pamutu kuchokera kumjigo, kenaka wauyamba ulendo wapansi wa kusukulu. Akaweruka pali kumunda, pali kukatola nkhuni m'munsi mwa phiri la Tumbine, pali kubereka mng'ono wake pamene amayi apita kukagulitsa nandolo kumsika. Dzuwa likapendeka ndiye mpira wachikulunga, fulaye, phada ndi jingo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita zinthu zotulutsa thukuta kwa mphindi 60 tsiku lililonse. Langizo limeneli limasautsa makolo a m'mizinda ikuluikulu, kumene ana amaswera pa foni ndi pa wailesi yakanema. Kumudzi kuno mwana amatha kukwanitsa mphindi zimenezo asanafike n'komwe pakhomo la kalasi.

Ndiye wina angafunse kuti masewera a yoga, ochokera kutali ku India, angamuthandize chiyani mwana wotereyu. Funsolo n'lomveka, ndipo yankho lake lili pa mtundu wa ntchito imene thupi la mwanayo limagwira. Pafupifupi yonse ndi yowerama kapena yosenza. Khasu limamuweramitsa, tsache limamuweramitsa, kuchapa nako chimodzimodzi, ndipo m'kalasi mopanda madesiki amakhala pansi atapinda msana, kope lili pa bondo. Madzi okwana malita 20 amalemera makilogalamu 20, pomwe mwana wa zaka 10 amalemera makilogalamu 30 kapena kuchepera apo. Katundu yenseyo amatsamira pa timafupa 7 ta m'khosi, ngakhale nkhata ifewe bwanji. Chimene mwanayu sachipeza ndi mpata wotambasula chifuwa, wopindira msana chakumbuyo, womasula mapewa, ndiponso wongokhala phee n'kumamvetsera mpweya wake ukulowa ndi kutuluka. Abambo amene amakankha matumba a chimanga panjinga kupita ku Muloza amadziwa kuti gudumu losenza tsiku ndi tsiku limafuna kulimanga masipoko lisanakhote. Msana wa mwana nawonso umafuna kuusamala choncho, ndipo mphindi 10 kapena 15 pa mphasa zimakwanira.

Kumene masewerawa anachokera

India si dziko lachilendo kwenikweni kwa mlimi wa ku Zambezia. Nandolo wambiri wolimidwa kuno amakathera m'miphika ya kumeneko, ndipo mu Julayi 2016 nduna yaikulu ya India, Narendra Modi, atabwera ku Maputo, maiko awiriwa anasainirana pangano la malonda a mbewu yomweyi. Ubalewu ndi wakale. Mpaka chaka cha 1752 Apwitikizi ankalamulira Mozambique kudzera ku Goa, kugombe la India, ndipo amalonda achimwenye akhala akupezeka ku Quelimane kwa mibadwo yambiri.

Yoga nayo ndi yakale kwambiri, koma si kale lonse pamene inali momwe tikuionera lero. Buku lakale la Patanjali, lotchedwa Yoga Sutra, limakamba kwambiri za kukhazikitsa maganizo, ndipo za kaimidwe ka thupi limanena zochepa chabe. Buku lina la m'zaka za m'ma 1400, Hatha Yoga Pradipika, limafotokoza makhalidwe a thupi 15 okha, ambiri mwa iwo okhala pansi. Yoga yopinda ndi kutambasula thupi motsatizana, imene yafala padziko lonse, inakula m'zaka za m'ma 1900. Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti inakulira pa matupi a ana. Mu 1933 mphunzitsi wina dzina lake Tirumalai Krishnamacharya anatsegula sukulu ya yoga mumzinda wa Mysore mothandizidwa ndi mfumu ya kumeneko, ndipo ophunzira ake ambiri anali anyamata achichepere.

Mmodzi mwa anyamatawo anali mlamu wake, B.K.S. Iyengar, wobadwa mu 1918 m'banja losauka. Ali mwana anadwala malungo, chifuwa chachikulu ndi taifodi, ndipo anali wonyentchera. Anapita ku Mysore mu 1934 ali ndi zaka 15, thupi lili louma moti kuwerama kunkamuvuta. Iyeyu ndi amene anadzalemba buku la Light on Yoga mu 1966, limene linafalitsa masewerawa ku Ulaya ndi ku America. Anamwalira mu 2014 ali ndi zaka 95. Mbiri yakeyi sitiyenera kuimva ngati umboni wakuti yoga imachiza malungo kapena chifuwa chachikulu, chifukwa sichiza. Ikungotiuza kuti masewerawa sanapangidwire ana a anthu olemera okha, kapena ana amene anabadwa ndi thupi lofewa.

Pa 11 Disembala 2014 bungwe la United Nations linavomereza kuti 21 Juni ikhale tsiku lokumbukira yoga padziko lonse, ndipo mu 2016 bungwe la UNESCO linaika yoga pa mndandanda wa miyambo yofunika kuisunga. Gule Wamkulu, amene amavinidwa ku Malawi, ku Mozambique ndi ku Zambia, anali atalowa kale pa mndandanda womwewo.

Musanayambe

Pa zithunzi za pa intaneti mudzaona anthu ali pa timphasa ta labala, atavala zovala zothina zogula modula. Zonsezo n'zosafunika. Mphasa kapena mkeka woyala pamalo osalala ndi wokwanira, ndipo ngati bango likubaya mawondo mungayalepo chitenje chopinda pawiri. Sesani bwino, muchotse timiyala ndi minga, muonenso kuti palibe linthumbu. Ana avule nsapato. Atsikana avale kabudula kapena buluku mkati mwa siketi kuti asamachite manyazi pokweza miyendo. Mtsikana amene maganizo ake ali pa kukoka siketi sangamasuke, ndipo mawa lake sabweranso.

Nthawi yabwino ndi m'mawa mwana asanadye zambiri, kapena madzulo nsima isanapse. Mwana amene wangokhuta kumene adikire maola awiri. Tsiku la 21 Juni lija limafika kuno pakati pa nyengo yozizira, pamene chiperoni, mphepo ya mvula yowaza imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone la m'boma lomwe lino, chimakuta dera lonse mpaka ku Mulanje ndi ku Thyolo. Minofu yozizira sifuna kukokedwa mwadzidzidzi. Masiku oterowo ana ayambe adumpha jingo kapena kuthamanga mozungulira bwalo mpaka thupi litenthe.

Ana osakwana zaka 5 angotsanzira nyama n'kumaseka, musawawerengere kanthu. A zaka 5 mpaka 8 akhale m'kaimidwe kalikonse kwa nthawi yopuma katatu, okulirapo kasanu. Kuwerenga kungakhale m'Chichewa, m'Chilomwe kapena m'Chipwitikizi cha kusukulu, malinga ana akumva. Lamulo ndi limodzi, ndipo ndilibwereza chifukwa ndi limene akuluakulu timaliphwanya: kukokeka pang'ono kwa minofu n'kwabwino, koma kupweteka ayi. Kumapeto kwa mafupa aatali a mwana kumakhala kofewa, chifukwa ndi kumene fupa limakulira, ndipo kumalimba mwanayo akamatha msinkhu. Wamkulu asakankhe msana wa mwana, asapanikize mawondo ake, asamukoke mikono pofuna kuti afike pamene mnzake wafika.

Phiri ndi mtengo

Kaimidwe koyamba kamaoneka ngati si kanthu. Mwana aimirire, mapazi atatalikirana pang'ono, zala zakumapazi zitayang'ana kutsogolo, manja ali m'mbali. Muuzeni kuti, "Mwanawe, imva pansi ndi phazi lonse, chidendene ndi zala zomwe." Kenaka akweze mapewa mpaka m'makutu, awabweze kumbuyo, awasiye agwe okha. Chibwano chisaloze kumwamba, chisagwerenso pachifuwa. Apume katatu pang'onopang'ono kudzera m'mphuno. Kumeneku ndiko kuima kwa phiri, ndipo ana a ku Milange sasowa chitsanzo, chifukwa Tumbine ali pomwepo ndipo Mulanje akuonekera tsidya la malire.

Mudzaona chinthu chosangalatsa. Atsikana amene anazolowera kusenza madzi amaima mowongoka kuposa anyamata, popeza ndowa siilola munthu kupendama. Koma mukayang'ana khosi ndi mapewa awo mudzapeza zili gwa, ngati katundu akadali pamutu. Kwa iwowa phunziro si kuwongoka koma kumasuka. Akoke mpweya akukweza manja onse awiri kumwamba, atalike mmene angathere, kenaka autulutse akutsitsa manja. Akatero kangapo, apendeketse mutu pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere, khutu likulowera ku phewa. Asazunguze mutu mothamanga.

Mtengo umamera pa phiri lomwelo. Mwana atsamire pa mwendo wamanzere, anyamule phazi lamanja n'kuliika pa kakolo wa mwendo waimawo, zala zikukhudzabe pansi. Akazolowera alikweze lifike pa katumba, ndipo pambuyo pake mkati mwa ntchafu. Pa bondo penipeni asaliike, chifukwa bondo silinapangidwe kuti lizikankhidwa cham'mbali. Manja awagundanitse pachifuwa kapena awatambasule kumwamba ngati nthambi. Maso ayang'ane chinthu chimodzi chosayenda, kaya mwala, kaya tsinde la mango. Akatha asinthe mwendo.

Kaimidwe kameneka ndimakakonda kuposa ena onse, chifukwa mwana sangakachite maganizo ali kwina. Kuti munthu aime ndi mwendo umodzi, ubongo umalandira uthenga kuchokera mbali zitatu: m'maso, m'timachubu ta madzi tomwe tili mkati mwa khutu, ndi m'minofu ya phazi ndi kakolo. Ana okulirapo auzeni atsinzine ali chiimire. Ambiri amagwedezeka nthawi yomweyo, ndipo apo mwawaphunzitsa sayansi ya thupi lawo popanda choko. Amene akugwaigwa agwire khoma kapena phewa la mnzake. Gulu lonse lingaimenso mozungulira, zikhatho zitagundana, aliyense akuchirikiza mnzake. Mwana wopupuluma, amene sakhazikika m'kalasi, nthawi zambiri ndi amene amalimbikira kwambiri pamenepa, popeza wapeza chinthu chovuta chimene palibe akumukalipira nacho.

Nyama za pabwalo

Tsopano ana agwade, zikhatho pansi molunjika mapewa, mawondo molunjika chiuno. Pokoka mpweya mimba itsike, chifuwa chitsogole, nkhope iyang'ane kutsogolo. Imeneyo ndi ng'ombe. Potulutsa mpweya msana ukwere m'mwamba n'kupindika, mutu ugwere pansi, mchombo ulowe mkati. Ameneyo ndi mphaka woopsezedwa ndi galu. Asinthanesinthane kasanu kapena kasanu n'kamodzi, ndipo alire ngati nyamazo akafuna. Kulirako si phokoso lachabe, chifukwa mwana amene akutulutsa mawu sangaumirize mpweya m'chifuwa.

Kuchoka pamenepo apinde zala zakumapazi, akankhe pansi ndi zikhatho, akweze matako kumwamba mpaka thupi lipange nsonga. Mutu ulendewere pakati pa mikono. Ndi mmene galu amadziwongolera akadzuka pa phulusa, ndipo dzina lake ndi lomwelo. Kuseri kwa miyendo kumakokeka kwambiri, makamaka kwa anyamata a zaka 12 kapena 13 amene akukula msanga ndiponso amakonda mpira. Apinde mawondo pang'ono, zidendene zisachite kufika pansi. Chofunika n'chakuti msana utalike. Mwana amene mutu ukumupweteka kapena ali ndi chimfine chotseka mphuno adumphe kaimidwe aka.

Pa zonse, njoka ndi imene imalimbana mwachindunji ndi kuwerama kwa tsiku lonse. Mwana agone chafufumimba, miyendo itatambasuka kumbuyo, zikhatho zili pansi pa mapewa, zigongono zitayandikira nthiti. Pokoka mpweya adzutse mutu ndi chifuwa pang'onopang'ono, mchombo usachoke pa mphasa. Ana ambiri amafuna kuwongola mikono yonse n'kuponya mutu kumbuyo kuti aoneke akatswiri, koma kutero kumafinya m'chiuno. Auzeni anyamule zikhatho pang'ono kuchoka pansi ali chidzutsire chifuwa. Akatha kukhala choncho, ndiye kuti minofu ya msana ndi imene ikugwira ntchito, ndipo ndi imeneyo tikuifuna. Potsika atulutse mpweya m'mano ngati njoka yolusa. Katatu n'kokwanira.

Mlatho umagwira ntchito yofanana mwana atagona chagada. Apinde mawondo, mapazi aponde pansi pafupi ndi matako, manja ali m'mbali, kenaka akweze chiuno. Asatembenuze mutu ali m'mwamba choncho. Atsike pang'onopang'ono, kuyambira kumtunda kwa msana mpaka m'chiuno.

Zokhala pansi sizifuna mawu ambiri, chifukwa anthu akuno amazichita kale. Kukhala tambalale msana uli chilili, monga amakhalira agogo posankha nyemba kapena amayi pa maliro, ndi kakhalidwe kamene anthu okulira pa mipando amakavutikira miyezi m'makalasi a yoga. Kunyonyomala zidendene zili pansi nakonso kuli m'mabuku awo. Ana athu asataye zimenezi. Chowonjezera ndi gulugufe: mwana akhale pansi, agundanitse mapazi kunsi kwake, awagwire ndi manja, n'kumakupiza mawondo modekha. Ndipo ngati gulu layamba kuzizira, aitaneni mkango. Agwade, manja pa mawondo, akoke mpweya, kenaka atong'ole maso, atulutse lilime lonse, abangule. Kutulutsira munthu lilime ndi mwano tsiku lina lililonse, n'chifukwa chake ana amasangalala kwambiri akaloledwa.

Pali zina zimene ana sayenera kuchita popanda mphunzitsi wodziwa bwino. Kuima ndi mutu miyendo ili m'mwamba, kuima ndi mapewa, ndi kupiringiza miyendo phazi lililonse pa ntchafu inzake, zonsezi zimaoneka kwambiri pa zithunzi ndipo ana adzafuna kuyesa. Khosi limene latha tsiku likusenza katundu lisapatsidwenso thupi lonse kuti linyamule.

Mpweya ndi kupumula

Mbali yomaliza ndi imene ambiri amaidumpha, chonsecho ndi imene mwana wa kuno akuisowa kwambiri. Ayambe wagwada, akhalire zidendene, aweramire kutsogolo mpaka chipumi chikhudze mphasa, manja ali m'mbali kapena atatambasukira kutsogolo. Apume kasanu, amve nthiti zakumbuyo zikufutukuka. Kenaka akhale tsonga, atseke makutu ndi zala, akoke mpweya m'mphuno, n'kuutulutsa akung'ung'udza ngati njuchi, milomo ili chitsekere, mpaka mpweya uthe wokha.

Chimene chimachitika m'thupi n'chodziwika. Munthu akachita mantha amapuma mofulumira ndi chifuwa chakumtunda, mtima n'kumathamanga. Akamatulutsa mpweya pang'onopang'ono, mtsempha wina wochokera ku ubongo, wotchedwa vagus, umachepetsa liwiro la mtima. Kung'ung'udza kumatalikitsa mpweya wotuluka mwana osachita kuganizira. Ana asauzidwe kuti agwire mpweya osapuma, ndipo asapikisane kuti wautali ndani.

Pomaliza onse agone chagada, miyendo itatayana pang'ono, zikhatho zitayang'ana kumwamba. Ku India kagonedwe aka amakatchula dzina la mtembo, koma kwa ana athu n'kwabwino kungoti kupumula. Ikani chitsononkho kapena kamwala kosalala pamimba pa aliyense, aone kakukwera ndi kutsika. Mphindi ziwiri kapena zitatu zakwana. Ena adzaseka, ena adzagona tulo, ndipo zonsezo zilibe vuto. Amene sakufuna kutsinzina asakakamizidwe.

Ndikulimbikira pa mbali imeneyi chifukwa cha zimene dera lino laona. Mu Januwale 1998 mbali ina ya phiri la Tumbine inagumuka ndi mvula n'kupha anthu ambiri. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy analowera ku Zambezia pafupi ndi Quelimane, n'kudzetsa madzi osefukira ndi matope mbali zonse ziwiri za malire, mpaka ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Blantyre. Mwa ana amene anaona namondweyo pali ena amene mvula ikayamba kugunda malata usiku mtima umawachoka. Agogo awo nawo ali ndi zawo za nthawi ya nkhondo, pamene anthu a ku Milange anathawira ku Malawi mu 1986, mtendere n'kudzasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Joaquim Chissano, amene anali pulezidenti wa Mozambique kuyambira 1986 mpaka 2005, anaphunzira njira ina yosinkhasinkha yochokera ku India m'zaka zimenezo ndipo anailimbikitsa pakati pa asilikali ndi apolisi. Kaya munthu agwirizane naye kapena ayi, iye anaona kuti nkhondo ikatha mitima siikhala pansi yokha. Kupuma ngati njuchi sikuchotsa zimene mwana anaona, ndipo sikulowa m'malo mwa munthu wamkulu womukhazika pansi n'kumumvetsera. Koma kumamupatsa kanthu kena kochita ndi thupi lake pamene mantha amugwira pakati pa usiku, ndipo kwa mwana chimenecho si chaching'ono.

Zimene yoga singachite

Masewerawa si mankhwala, ndipo aliyense wonena kuti amachiza matenda onse akunama. Mwana amene thupi latentha apite kuchipatala akayezedwe malungo tsiku lomwelo. Mwana wotupa mimba, wotuwa m'maso ndi m'zikhatho, kapena wokodza magazi, akufunika dokotala osati mphasa, ndipo asagonetsedwe chafufumimba. Wa mphumu apitirize mankhwala ake. Wa khunyu, wovulala fupa posachedwa, kapena wodandaula msana masiku ambiri, ayambe waonedwa ndi azaumoyo. Amene amva chizungulire akhale pansi, amwe madzi.

Popeza takamba za mpweya, kholo lililonse lidziwenso ichi. Mwana wamng'ono amene akutsokomola n'kumapuma mofulumira akhoza kukhala ndi chibayo. Azaumoyo amawerenga mpweya kwa mphindi imodzi mwana ali phee: wa miyezi 2 mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposa, ameneyo ndi wothamangira naye kuchipatala. Palibe masewera a mpweya amene angathandize pamenepo.

Palinso nkhani ya njala. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka chimanga chatsopano chisanakhwime, ana ambiri amafika kusukulu m'mimba muli pululu. Mwana wotereyu akufunika phala. Mphunzitsi wanzeru masiku amenewo amasiya galu ndi mlatho, n'kungochita zokhala pansi ndi kupumula. Ndipo yoga isakhale chophimbira nkhani ya katundu. Ngati mwana wa zaka 8 akusenza chigubu cha malita 20, chofunika choyamba ndi kumupatsa chaching'ono.

Nkhani ya chipembedzo

Ku Milange kuli Akatolika, kuli a mipingo ina yambiri, kuli Asilamu, kuli osunga miyambo ya makolo. Kholo lina likamva kuti ana akuchita yoga lidzafunsa ngati sakuwalowetsa m'chipembedzo chachilendo. Funso limeneli lisanyozedwe, chifukwa lili ndi maziko. Yoga inabadwira m'zipembedzo za ku India, ndipo kwa Ahindu ambiri mpaka lero ndi njira ya uzimu, yokhala ndi mapemphero ndi mawu obwereza. Kubisa zimenezi n'kunamiza makolo komanso kupeputsa eni ake.

Zimene zafotokozedwa m'nkhani ino zilibe pemphero, zilibe mawu obwereza, zilibe kugwadira chilichonse. Ine ndikuona kuti kuima ndi mwendo umodzi kapena kupuma pang'onopang'ono si chuma cha chipembedzo chimodzi, monganso mpira sunakhale wa Angelezi okha chifukwa malamulo ake analembedwa ku London. Komabe mwana ndi wa makolo ake. Mphunzitsi kapena wachinyamata wofuna kuyambitsa gulu ayambe wakambirana ndi akuluakulu a sukulu, makolo ndi amfumu, awaonetse zonse zimene ana azichita. Ngati kugundanitsa manja pachifuwa kukuwakayikitsa ena, manja aikidwe m'chiuno. Kholo likakana, mwana wake asasekedwe kapena kulangidwa.

Masewerawa azichitikira poyera, pansi pa mtengo kapena pabwalo la sukulu, pomwe aliyense wodutsa angaone, ndipo pazikhala munthu wamkulu wachiwiri. Wotsogolera aziphunzitsa ndi mawu ndi thupi lake, osati pogwiragwira ana. Zimenezi zimateteza ana, zimatetezanso mphunzitsi ku mphekesera.

Kwa aphunzitsi, mphindi 10 zomaliza za phunziro la masewera olimbitsa thupi n'zokwanira kuyambira, ndipo ngakhale m'kalasi yodzaza ana angathe kuima phiri ndi kung'ung'udza ngati njuchi pamalo pomwe ali, makamaka mayeso akayandikira. Kwa inu amayi, abambo, azakhali ndi achemwali a pakhomo, musadikire kuti mudziwe zonse. Sankhani zitatu, monga mtengo, njoka ndi kupumula, muzichite limodzi ndi ana kawiri kapena katatu pa sabata, inunso muli pa mphasa pomwepo. Musayerekeze mwana ndi mnzake, musasandutse masewerawa chilango, ndipo mwana akanena kuti zikumupweteka mumukhulupirire, alekere pomwepo.